Mnyamata Wonyamuka Asanatumidwe

Yapyola teni koloko usiku pa Ginnery Corner.
Ndatsala ndekha m'chipinda cha maseva,
ndavala juzi mu Okutobala
poti makinawa sagwirizana ndi thukuta.

M'bokosi limodzi lachitsuloli
muli alendi khumi ndi anayi:
sukulu ya anamwino, ogulitsa simenti a ku Limbe,
banki mkhonde ina imene idakula n'kuvala tayi.
Aliyense amayesa nyumbayi ndi yake yekha.
Makoma ndidamanga ndine,
a masamu okhaokha, opanda njerwa.

Koma onsewa amatuma mnyamata mmodzi,
purosesa, wakhama lopyola muyeso.
Mawu akadali m'kamwa, iye wanyamuka kale,
walota chimene ungafune,
watsegula kabati, wagwira, wabweretsa.
Akaona kuti waphonya amabweza mwaulemu,
nkhope ili phee ngati sanapite kulikonse.

Kungoti pamene wagwira pamatsala pofunda.

Wa m'chipinda chachitatu akakhala wanjiru
sathyola loko, sadula waya.
Amangomutuma njira imodzi, kasanu, kakhumi,
mpaka miyendo izolowere,
kenaka n'kumulozera khomo la mnzake.
Akatero amayenda ndi wotchi m'manja
kugogoda shelefu iliyonse:
iyi yachedwa, iyi yachedwa,
iyi yayankha msanga.
Apa ndiye padutsa dzanja.
Pang'onopang'ono chinsinsi cha anamwino
chatulukira pachitseko chokhoma.

Usiku uno ndikumuphunzitsa mnyamatayu kaulesi.
Alendi ndawasamutsira m'bokosi linalo
ali m'tulo, osadziwa kanthu.
Ndasoka chigamba m'mutu mwake.
Ndamuuza: ukachoka kwa uyu
samba m'manja, pukuta tebulo,
iwala.
Pampando pamene ankapanikizana anthu awiri osadziwana
ndatsitsapo mmodzi.
Si minibasi ya ku Chilomoni ino.

Mawa a Mpulula adzaimba isanakwane eyiti:
Lonjezo, malipoti akukwawa bwanji?
Ife tidalipira liwiro.
Ndidzati chiyani?
Kuti ndamata bowo limene palibe adalionapo,
poopa mbala imene mwina sidabwere,
imene ikadabwera sikadasiya phazi?

Bokosi layakanso.
Timagetsi tobiriwira, kamodzikamodzi.
Panja mlonda akutsokomola,
lole yolemera ikubuula pamtunda wa ku Chichiri.
Ndikubwezera alendi m'zipinda zawo
ndipo zala zanga, taonani,
zayamba kale kulemba yankho
la funso limene a Mpulula sanafunse.