Denga la ku Multan

Denga ili tinkagonapo nyengo yotentha,
ana asanu pa mabedi a zingwe,
kuwerenga nyenyezi mpaka tulo titatigwira.
Lero pamalo pathu pagona magalasi khumi ndi awiri,
chagada, akuda bii,
akumwa dzuwa osakhuta.

Anabwera nawo ndi Shagufta, mlamu wanga,
atagulitsa zibangili za ukwati wake.
Anati watopa ndi makina osokera
ofera pakati pa msoko magetsi akathima,
watopanso ndi bilu yonenepa kuposa lendi.

Ine ndinakana. Nanga nkhunda zanga?
Khola tinalikankhira pakona, pafupi ndi thanki,
ndipo nkhundazo, posadziwa mitengo ya zinthu,
zimasiya zitosi pagalasi pomwepo.
M'mamawa, kumzikiti akangoitana,
ndimakwera ndi ndowa ndi chiguduli
kukapukuta machimo a mbalame zanga
pamodzi ndi fumbi la mzinda uno, losatha.

Ndikaweramuka ndimaona madenga enawo:
kwa Ilyas wowotcherera zitsulo, kwa wogulitsa ayezi,
ngakhale kwa dokotala wa mano,
ponse pali waliwali ngati mamba a nsomba.
Dzuwa lomweli linagwetsa bambo athu m'munda wa thonje,
osadzukanso.
Lero talilemba ganyu.

Pansi makina akulira osapumira.
Fani ikuzungulira pamwamba pa mayi
amene agona masana, koyamba patapita zaka.
Sindinamuuze Shagufta kuti ankanena zoona.
Ndangomupatsa malaya anga ong'ambika pamkono,
iye n'kuwalandira osadzutsa mutu.