Mayadi Zana ndi Makumi Asanu

Ndine ndinaimirira m'holo ya khonsolo usiku ule,
chipolopolo chili m'kabotolo ka mankhwala,
ndikukagwedeza kuti ndi akumbuyo omwe amve.
Ndinachizula pa thabwa la katungwe wa Tobias,
pa msinkhu wa khutu lake.
Sindinatchule munthu.
Koma makosi onse anapotolokera kukhomo
kumene a Delbert Kauffman anakhala, chipewa pa bondo,
nsapato zikudontha matope pa matailosi.

Iwo anati: "Pali khitchini yanupo, mayi,
bambo anga anandiphunzitsira kugwira mpweya ndisanakoke chala.
Munali chimanga. Kuseri kwake thengo mpaka kumtsinje.
Ine sindinasamuke. Tauni ndiyo inandipeza."
Chipolopolocho si chawo, anatero. Mwina n'zoona.
Manja anayi anakwera, limodzi linatsala pa tebulo,
ndipo kadera kathu ka ku Ohio kanakhala ndi lamulo:
mfuti isalire pa mayadi zana ndi makumi asanu
kuchokera pa khomo la munthu.

M'mawa mwake ndinawaona pa zenera
akuyeza munda ndi mapazi, milomo ikuwerenga.
Kum'mawa anagunda mpanda wa banja la Venkataraman,
kumadzulo dziwe losambiramo,
kumpoto nyumba zosatha, zovala pulasitiki.
Panatsala kamalo kokwana galimoto imodzi, pakati pa minga.
Anaimapo mpaka khofi wanga anazizira.

Nswala zinamva lamulo msanga kuposa ife.
Zinadya maluwa anga kufikira mizu,
zinkagona pa kapinga masanasana ngati zimalipira lendi.
Tobias anazipatsa mayina.

Ndiye Novembala, kachisisira,
mabuleki kwiii, kenako phwa!
Mtsikana wobweretsa pitsa akulira chogwira chitseko cha galimoto.
Nswala yaikazi pa phula, msana wothyoka,
miyendo yakutsogolo ikupalasa ngati ikusambira,
yakumbuyo ili kale ya wina.
Ndine namwino ine.
Ndimakudziwa kupuma kumene sikubwerera.
Ndinathamanga ndi masilipasi kukagogoda.

Anabwera chimanjamanja.
"Nanga mfuti?"
Analoza khomo langa ndi chibwano.
"Mayadi makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Ndawerenga."
Sananene monyoza.
Bola akananyoza.
Anavula jekete, n'kuphimba nyama kumaso,
n'kugwada pa phula lozizira, mawondo akulira,
dzanja pa khosi pake,
akuyankhula nayo chapansipansi za nyengo, za chimanga,
zinthu zimene munthu amauza mnzake pa mzere wa kubanki.

Apolisi anati akubwera.
Mphindi makumi anayi ndi zitatu.
Ndinaziwerenga pa mtsempha wa dzanja langa.
Mpweya wa nswala unkatuluka pansi pa jekete ngati utsi,
woonda, kenako wambiri, kenako woonda.
Anthu anatuluka, anaona, anabwerera ku chakudya chawo.

Wapolisi anali mwana, dzina pa chifuwa Ruiz,
lamulo lili kumbali yake, dzanja likumukana.
A Delbert anakweza jekete pang'ono,
anamuikira chala pamalo pake.
Kuseri kwa khutu.

Kamodzi kokha.
Magetsi a m'makhonde anayaka msewu wonse,
agalu anayankhana mpaka ku nyumba zosatha zija.
Nditakweza maso, Tobias anali pa zenera la m'mwamba,
chipumi chogunda galasi.
Sanandifunse kuti inali iti.

Kabotolo kakadali mu kabati, pafupi ndi mchere.
Atandiitananso mawa, ndidzaimiriranso,
ndidzakagwedezanso,
pakuti katungwe ali pomwe paja
ndipo mwana wakula ndi chala chimodzi chokha.

Koma jekete anaiiwala pamsewu.
Ndaichapa kawiri. Kolala yakana kuyera.
M'thumba munali chingwe, theka la siwiti ya chifuwa,
ndi kapepala ka manambala olembedwa ndi pensulo,
ena ofufutidwa, ena ozunguliridwa.
Ili pa mpando wa m'khitchini sabata yachitatu,
pamalo pomwe panali chimanga.
Kuchoka pano kufika pa khomo pawo
ndi mapazi mazana awiri ndi khumi ndi limodzi.
Ndayesa kawiri usiku.
Ndimafika pa bokosi la makalata, n'kubwerera.