Womasulira

Anandilemba ntchito chifukwa cha malilime.
Ndili nawo atatu: Chiyao cha amayi, Chichewa cha kumsika,
ndi Chizungu chimene bambo anagulitsira mbuzi zinayi.
Anandipatsa chipewa chobiriwira, nsapato zolemera,
ndi dzina la udindo losakwana m'kamwa mwa amayi.
Iwo amangoti: Asiyatu ali kumafuta.

Lachiwiri, m'kalasi ya sitandade sikisi ku Makawa,
abwana anamata mapu pabolodi
pamwamba pa masamu osafufuta.
Nyanja inali yodulidwadulidwa ngati chigumu,
chidutswa chilichonse ndi nambala yake.

Iwo akulankhula, ine ndikuwolotsa mawu
ngati wakabaza pamlatho wa Shire:
katundu wa eni, thukuta langa.
Pansi pa madzi mwina pali mafuta. Ndinawolotsa.
Ntchito zidzabwera, mijigo, chipatala cha malata atsopano. Ndinawolotsa.
Ngozi n'zochepa kwambiri.
Apa tcheni chinalira, koma ndinapalasabe.

Kenako anaimirira Che Sumani, amalume anga,
singano ya ukonde ili m'thumba la malaya.
Mwana wa mlongo wanga, tawafunsa:
pachithunzi chawocho usipa umagona pati?
Nanga chitoliro chikadzaphulika usiku wa mwera,
adzayambe kumwa madziwo ndani, iwo kapena ine?

Ndinatembenukira kwa abwana, ndinati m'Chizungu:
bambowa akuthokoza, akufuna kumva zambiri.

Amalume sadziwa Chizungu
koma amadziwa kuyeza.
Funso lawo linali mikono khumi,
ine ndinapereka chikhatho chimodzi.

Panabwera Fanta wofunda, mabanzi, ndi pepala la mayina.
Abiti Jafali, amene amayanika usipa pathandala,
anaimika chala cha inki m'mwamba:
chalachi chikunena kuti ndinabwera,
kapena kuti ndalola?
Palibe anayankha. Inki inauma ali chiimikire.

Usiku kunabwera mwana ndi mbale yovundikira.
Nditavundukula, mchira wokha wa chambo.
Amalume akuti nayi nsomba yanu,
ayimasulira.

Sindinagone.
Chipewa chija chinali pamsomali, chikundiyang'ana.

M'mawa ndinagogoda kuchipinda chachinayi kumalo ogona alendo.
Abwana akumanga zingwe za nsapato,
ndinawatulira funso lonse,
mutu, mamba ndi minga yake.
Anakhala chete mpaka tiyi anazizira.
Kenako anati: sindikudziwa.

Mawu amenewo ndinawasenza pamutu popanda nkhata,
sindinatayeko ngakhale dontho.
Amalume atawalandira anati:
eya, tsopano walankhula munthu.

Lachisanu, anthu atatuluka mumzikiti,
abwana anabwera okha, opanda mndandanda wa magalimoto.
Anakhala pachigubu pakhonde, mapu pamaondo.
Amalume anatola khala n'kuyamba kudetsa pepala loyeralo:
apa chambo chimakumba zisa,
apa sitiponya ukonde mvula ikayamba,
apa panamira Twaibu ndi bwato lake, sitinam'peze.
Khala linadutsa mizere yawo yonse osapempha njira.
Abiti Jafali anaika chala chouma pakona:
apa ndi pamene ana anga amatunga.

Sanagwirizane.
Pepala lija lilibe chidindo mpaka lero,
ndipo kulikulu akuimba foni kawiri patsiku.
Potsazikana amalume anati:
amati mlendo ndi mame,
koma mame saboola pansi.
Mubwerenso. Mubwere ndi amene amadziwa.

Ndinamasulira zonse, ndi mame omwe.

Tsopano ndimakhala pakati pawo, chipewa pamiyendo,
ndikuwolotsa pang'onopang'ono, katundu yense.
Sindikudziwa ngati mafutawo alipo.
Sindikudziwa adzandichotsa ntchito m'chilankhulo chiti.
Koma dzulo mwana uja anabweranso ndi mbale,
ndipo nsomba inali ndi maso.