Womasulira pa Bwalo la ku Hague

Ntchito yanga ndi kunena kuti "ine"
m'malo mwa anthu ena.
Ndimakhala m'kachipinda ka galasi, pamwamba pa oweruza,
madzi kumanja, pensulo kumanzere.
Mawu a ku Bosnia amalowera kukhutu
n'kutulukira pakamwa panga atavala chilankhulo china.

Lolemba ndinali Mevlida.
Ndinati: ine ndinamuveka juzi yobiriwira,
yoluka ndekha, yothina m'khosi.
Ndinati: anali ndi zaka khumi ndi zisanu
koma anatengera bambo ake kutalika,
ndipo pakhomo la basi msilikali anamuyeza ndi maso
nati, uyu ndi mwamuna, apite uko.
Mevlida anakhala chete, nanenso ndinakhala chete.
Amati ndizimasulira zonse,
koma palibe anandiphunzitsa kumasulira
mayi akamapinda kampango pamiyendo pake,
kupinda, kupindanso,
mpaka kampango kukana.

Lachitatu ndinali Milutin,
wa suti yosita bwino ndi magalasi owerengera.
Ndinati: ine sindinawombere munthu.
Ndinangoitanitsa mabasi khumi ndi awiri, ndi dizilo.
Ndinati: inali nkhondo, olemekezeka,
moto wosaka njoka susankha udzu.
Ndinazinena mosalala chifukwa iye anazinena mosalala.
Ndikanathiramo kunyansidwa kwanga, ngakhale kadontho,
ndikanamubera mlandu wachilungamo,
womwe iye sanampatse mnyamata wa juzi yobiriwira.

Woimba mlandu anatsegula buku.
Ngakhale nkhondo ili ndi malamulo ake:
wokweza manja sawomberedwa,
chipatala si linga,
wolamula amasenza zimene manja a anyamata ake achita.
Ziganizo zimenezi ndimazikonda, n'zazifupi,
zinalembedwa ndi anthu otopa ndi kuwerenga mitembo.
Koma zimafika ngati ozimitsa moto
opeza phulusa litazizira,
n'kuyamba kuyeza pomwe panali chitseko.

Nthawi yopuma, Dragica amasenda lalanje.
Mchimwene wake anamenya nkhondo mbali ina,
msuweni wanga mbali inayo.
Sitinafunsanepo kuti paphiri liti, chaka chiti.
Amandigawira theka.
Chifuwa chikamugwira pakati pa chiganizo
ine ndimachiwakha n'kuchifikitsa kumapeto.
Mtendere womwe ndikuudziwa ndi waung'ono chonchi,
mipando iwiri, makoko a lalanje papepala.

Asanatsike, Mevlida anapempha kufunsa funso.
Oweruza anayang'anana, n'kulola.
Ndinati: anandipatsa miyendo yake, yochokera kudzenje lina,
ndi nthiti zisanu, zochokera kudzenje lina kutsidya kwa mtsinje.
Ndinaika m'manda theka la mwana.
Zaka zimene mum'patse bamboyu ndi zanu, muwerenge nokha.
Ine angondiuza komwe kuli kotsalako.

Loya anaimirira kutsutsa.
Woweruza wamkulu anavula magalasi
nati woimbidwa mlandu sakakamizidwa kuyankha.
Ndi lamulo limenelo, ndipo ndi lamulo labwino;
ndikanakhala ine padoko ndikanalifuna.
Ndinalimasulira lonse, osasiya liwu.

Milutin anatsegula pakamwa.
Ndinakoka mpweya, chala pabatani,
wokonzeka kukhala iye,
wokonzeka kutchula dzina la nkhalango, la munda, la mgodi.
Anamwa madzi.

M'kaundula wa bwalo, pamalo pamenepo,
analemba nthawi yokha: mphindi zinayi itakwana khumi ndi imodzi.

Madzulo ndimapalasa njinga mumvula ya kuno
yosadziwa kugwa kapena kuleka,
kudutsa mashopu a maluwa ndi sitima za m'misewu.
Mwana wanga, naye wamtali msanga,
amafunsa ali m'firiji mutu wonse:
mayi, lero zinali bwanji?
Ndimayamba kuti, "Ine..."
n'kudikira kaye pang'ono
kuti ndimve amene ayankhe.