Yang'ana Mlendo M'maso

Tsiku loyamba ntchito pa hotela ya ku Senga Bay
anatiimika pamzere ngati ana ochedwa kusukulu.
Bwana wake, wa ku Durban, ndolo kukhutu,
anati: Mlendo uzimuyang'ana m'maso,
woyang'ana pansi ndiye kuti akubisa kanthu.
Ndinaseka chamumtima,
poti kwathu ku Lifuwu ndinalandirapo khofi,
osati wa m'kapu,
chifukwa choponya diso pankhope ya malume.

Anati: Usagwade. Usawombe m'manja.
Mbale uzipereka ndi dzanja limodzi, linalo kumbuyo.
Lamanzere langa linakana mwezi wathunthu,
linkathamanga lokha kukagwira mkono wamanja
ngati mwana wosazolowera alendo.

Usafunse mlendo ngati ali ndi ana.
Usamufunse kumene amapemphera.
Nanga ndimufunse chiyani?
Zanyengo, anatero.
Munthu wakwera ndege ziwiri kuti afike kuno
ine ndikamufunse za mitambo?

Kunabwera mayi Solveig,
tsitsi loyera ngati thonje la ku Chitala.
Atatha sabata ziwiri akudya chambo chathu
ndinawayamikira ndi mtima wonse:
Mayi, mwanenepatu, dziko lino lakukondani!
Foloko inagwa pansi.
Madzulo ndinaitanidwa ku ofesi,
anandidula malipiro a masiku awiri
chifukwa cha mdalitso.

M'mawa mwake eni akewo anandipepesa,
nati ndiziwatchula dzina lokha, Solveig basi,
ngati tinkasewera limodzi masanje.
Lilime linauma.
Koma lamulo lina lija ndinaliphwanya, ndinafunsa za ana.
Atatu, anatero. Amaimba foni pa Khirisimasi.
Mayi awo, a zaka makumi asanu ndi anayi,
ali kunyumba ya okalamba, chipinda chawochawo.
Anasankha okha, anatero monyadira, safuna kulemetsa munthu.
Ndinawamvera chisoni.
Iwo atamva kuti malipiro anga amadyetsa anthu khumi ndi mmodzi
anandimvera chisoni.
Tinasiyana choncho, aliyense atanyamula chisoni cha mnzake
ngati anthu osinthana zikwama pa depoti ya Kamuzu Road.

Ndikanadzitama nawo ukwathu,
koma Lamlungu Esinala anaimba.
Mlongo wanga, chaka chachinayi ali ku Dublin.
Ntchito yake ndi kusambitsa mayi a eni,
kuwawenga zikhadabo,
kumvetsera nkhani imodzimodzi kasanu patsiku.
Ndalama zake ndi zimene zinagula malata
ndi mankhwala a shuga a mayi athu,
amene amasamba okha, pang'onopang'ono,
atatsamira mpanda wa bafa,
poti mwana wamkazi ali kutsidya la nyanja zamchere
ndipo wamwamuna mwambo sumulola,
ndiye ali kuno, akunyamula mathireyi.

Esinala anawaonetsa mdzukulu pafoni.
Kamwanako kanagwedeza dzanja: Halo, Dorika!
Dzina lawo lenileni, lopanda ndi "a" yemwe,
kakuwayang'ana dwii.
Ndinadikira mphenzi.
Mayi anapukuta galasi la foni ndi nsonga ya chitenje
nati: Kauzeni kandiyang'anenso, sindinakaone bwino.

Masiku ano ndimayenda ndi maso a mitundu iwiri.
M'mawa, ndili pa kabaza, ndimawakweza pang'onopang'ono,
pofika pageti amakhala ali m'mwamba.
Poweruka ndimawatsitsa tikangosiya tala.

Dzulo ndinaiwala.
Apongozi anga aamuna ndinawapatsa madzi ndi dzanja limodzi,
ndili chiimire, mano onse panja,
ndikuwafunsa mmene akuionera mitambo.
Mkazi wanga anagwira pakamwa.
Iwo anamwa madziwo mpaka kutha,
anayang'ana kumwamba nthawi yaitali,
kenako anati mvula ichedwa chaka chino,
mpunga tisafese msanga.