Kampweya

Ananditumiza ku Namwera ndi chikwama chimodzi,
bokosi la choko, ndi malembo asanu a liwu.
Sitandade wani: ana zana limodzi ndi makumi atatu
pa simenti yong'aluka,
ena pakhomo, ena pazenera ngati mpheta.

a e i o u
Pamenepa sitinakangane.
Pakamwa pakangoti yasa, mtundu sudziwika.

Mlandu unayamba Lachitatu, ndipo unayambira pa phala.
Ndinalemba pabolodi: pha.
Onse pamodzi: pa!
Ndati pha. Ati pa.
Ndati phala, lomwe lija mumamwera m'makapu ofiira.
Ati pala,
ngati ndawatuma kukapala moto kuseri kwa mpanda.
Khola linasanduka kola, mbuzi zonse panja,
ine kubwerera kunyumba mawu atasasa.

Panali Twaibu, wovala malaya a bambo ake
amene ali ku Joni chaka chachinayi tsopano.
Iye ankayambira kumanja kwa kope
kulowera kumanzere, monga amachitira ku madarasa masana,
ndiye ma wake ankatuluka am.
Sindinamukalipire.
Mwana wodziwa njira ziwiri
umangomuuza kumene tikupita lero.

Usiku wina ndinang'amba kaundula wakale tizidutswa.
M'mawa aliyense kake, patsogolo pa milomo.
Nenani pa. Kapepala kali duu.
Nenani pha. Kapepala kawerama.
Basi kalasi yonse pha! phe! phu!
Asiyatu kulira kuti amulavulira m'khutu,
aphunzitsi aakulu kusuzumira pakhomo
n'kubwerera osafunsa kanthu.
Ndinati: h ameneyu sayankhula yekha,
ndi kampweya chabe kobisala kumbuyo kwa mnzake,
koma mukakaiwala kunyumba, phala simumwa.

Kenaka anandibwezera.
Twaibu anaimika mkono:
Madamu, tanenani lyuŵa.
Ndati liyuwa.
Kuseka kwake, mpaka sitandade thuu inamva.
Ndati luwa. Ena anagubuduka pansi.
Iye anabwera kutsogolo, nandionetsa pamene lilime limagona,
pang'onopang'ono, kawiri, katatu,
ndi nkhope yomwe ija ndimavala ine.
Dzuwa la kwawo linandikanika mlungu wathunthu.
Kuyambira pamenepo ndinasiya kumenya tebulo ndi rula.

Tinapita nawo choncho, phatikizo ndi phatikizo,
ma ndi me, kha ndi tha,
pa mchenga choko chitatha,
ndi zitsekerero za mabotolo mchenga utanyowa.
Nyengo ya mango theka la kalasi linasowa.
Linabwerera litaiwala nd ndi mb.
Tinayambiranso.

Loweruka lapitali ndili pamsika, ndikutsitsa mtengo wa tomato,
ndinaona malaya aja ataima pakati pa msewu
kumbuyo kwa njinga ya kabaza.
Chala chili pa kachitsulo ka kumbuyo,
chikuyenda kuchokera kumanzere.
Mwini njinga akuti choka, iwe, ndili ndi kasitomala.
Iye osamva.
Anaika chikhatho patsogolo pa kamwa:
ka.
Anapukusa mutu.
Kha.
Kha, ma.
Khama!
Anayang'ana m'dzanja mwake
ngati muli china chimene wagwira.

Mawu achiwiri anapita ndi njinga, m'fumbi la ku Chiponde.
Sindinamuitane.
Ndinalipira tomato pa mtengo womwe ndinkaukana,
ndipo njira yonse yobwerera
ndinkayesa chamumtima, lilime pamalo pake:
lyuŵa, lyuŵa.