Madigadi a Shevi ya Atate

Dzimbiri silichita phokoso.
Linayamba ngati thuza pansi pa penti,
pamwamba penipeni pa tayala lakumanzere,
chaka chomwe maso a atate anachita nkhungu.
Padutsa madzinja khumi ndi anayi.
Lero ndapisapo chala, chalowa chonse,
chitsulo chikunyenyeka ngati chigumu chogona.

Tayikoka ndi chingwe kuchokera ku Mufakose
mpaka ku Gazaland,
anyamata a makombi akutiimbira mluzu.
Shevi ya masilinda asanu ndi atatu,
yomwe kale ikangotsokomola
agalu a mumsewu wonse ankapinda michira,
ikutsata kagalimoto ka mlamu wanga
ngati nkhalamba yogwidwa dzanja podutsa msewu.

A Likongwe sanathamangire kutchula mtengo.
Anagogoda ndi msana wa chala,
khutu lili pa chitsulo:
apa mpamoyo, apa mpamoyo, apa tinalira kale.
Anayendetsa maginito mpaka pomwe anakana kumata.
Apa, akutero, wina ananama ndi phala.

Ku Joni aliko atsopano, apulasitiki,
madola mazana atatu, osawerengera a pachipata.
Sachita dzimbiri amenewo.
Komanso ukawagogoda sayankha.
Ndinati dulani, tizigamba.

Garikai, mnyamata wawo, anamasula mabawuti
ndi mafuta a mabuleki ndi mawu osayenera kulembedwa.
Awiri anaduka mitu.
Madigadi atagwa chagada pa dothi lakuda
munatuluka matope ouma a misewu yomwe sindinayendepo,
maluwa a jakaranda osanduka fodya,
chisa cha mavu,
ndi khobidi la tambala imodzi, lobiriwira.

Pansi pa phala lija panali chigamba:
chitini cha mafuta ophikira, chochisula ndi hamala,
chokhomera ndi misomali ya malata isanu ndi umodzi
yopinda mosamala ngati mpendero wa buluku la kutchalitchi.
Ndinalidziwa dzanjalo.
Ndi lomwe linkasoka nsapato zanga ndi waya.
Wonama uja anali atate.

Ankati ikangokhala bwino tinyamuka,
Nyamapanda, Tete, kenako kwathu ku Ntcheu,
akaone kuti mtchona sabwera chimanjamanja.
Anawapatsa ndi bwana wa ku Highlands
m'malo mwa penshoni ya zaka makumi awiri za kuthirira kapinga.
Imamwa petulo ngati ili pamaliro a mdani.
Kutali komwe inafika ndi ku Marondera.

Magetsi anabwera itakwana folo koloko ya m'mawa.
A Likongwe anadzuka pa mpando wa basi womwe amagonapo,
nadula chitseko cha firiji yakufa,
nachipinda pa chitsa, pang'ono pang'ono,
gu, gu, kuyeza, gu,
mpaka chinavomera kukhala phewa la galimoto.
Powotcherera anati ndiyang'ane kumbali.
Sindinamvere. Mpaka pano m'maso muli mchenga.

Dontho pano, dontho uko,
osathamanga, chitsulo chikapsa mtima chimapindika.
Kenako sandipepa, masiku atatu,
zala zanga zinatha mizere,
foni inasiya kundizindikira.

Chitini cha atate ndinakana kuti chitayidwe.
Garikai anaseka, nachiponya m'kabati ya kutsogolo
pamodzi ndi khobidi lija.

Ndalama ya penti yofiira sinakwane.
Madigadi akumanzere ndi otuwa ngati nkhunda,
akumanja akudikira mwezi wa mawa, kapena winawo.
Tinathira malita asanu a m'chigubu,
batire yobwereka,
ndipo pa kiyi wachinayi inabangula,
malata a mashedi onse ananjenjemera,
mayi wogulitsa chimanga chootcha anagwira pamtima natitukwana.

Malita asanu safika ku Ntcheu.
Amafika ku manda a ku Mbudzi.
Ndinaimika pafupi ndi mzere wawo momwe msewu unalolera,
ndinatsitsa galasi,
ndi kuponda mafuta kawiri, osazimitsa,
poopa kuti ikazima
palibe aliyense pano woti andikankhe.